Utoto Wokumbukira Kutentha Ufikenso pa Katundu wa Ulimi

Mwezi wa Okutobala ukafika m'chigwa cha Shire, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa, kutentha kumapitirira madigiri 40 pa muyeso wa Celsius. Nyengo yomweyi ndi imene katundu wa ulimi amayenda kwambiri, popeza aliyense amakhala akukonzekera mvula yoyamba. Mbewu ya soya imagona masabata angapo m'sitolo yofolera ndi malata. Mapaketi a inokulanti amachedwa pa chipata cha m'malire podikira zikalata. Timabotolo ta katemera wa chitopa timayenda mtunda wautali pa njinga dzuwa lili paliwombo. Zinthu zitatu zonsezi ndi zamoyo, ndipo zonse zimafa ndi kutentha. Chovuta n'chakuti zikafa sizisintha maonekedwe. Katemera wakufa amafanana ndi wamoyo, ndipo paketi ya inokulanti wotha mphamvu imalemera chimodzimodzi ndi ya inokulanti wabwino.

Amene amalipira mtengo wa vutoli ndi mlimi pamodzi ndi mlangizi. Mayi amene wapereka ndalama kuti nkhuku zake zilandire katemera, kenaka n'kuziona zikutha ndi chitopa, chomwe ena amachitcha chideru, sangadziwe kuti kabotolo kanapsa pa njira. Iye amangoti katemera ndi bodza, mwinanso kuti katemerayo ndiye wapha nkhuku zake. Wotemera akadzabweranso amapeza nkhuku zitatsegulidwa m'mamawa ndipo mwini wake kulibe. Chikhulupiriro chimene mlangizi anachimanga kwa zaka zambiri chimagwa m'sabata imodzi, pa mlandu umene iye sanapalamule.

Komatu njira yochepetsera vutoli ilipo, ndipo ndi yotsika mtengo. Pali mitundu ya utoto imene imasintha maonekedwe malinga ndi kutentha. Achipatala akhala akugwiritsa ntchito utoto wotere pa katemera wa ana kuyambira m'chaka cha 1996. Nthawi yakwana yakuti ofufuza za ulimi ndi alangizi a m'mayiko a chigawo chino aumirire kuti katundu wamoyo wa ulimi azifikanso kwa mlimi ali ndi chizindikiro chotere.

Kuwerenga moto ndi maso si kwachilendo

Wosula zitsulo wa kumudzi alibe chipangizo choyezera kutentha, koma amadziwa nthawi yoviika nkhwangwa m'madzi. Akamatenthetsanso chitsulo chopalidwa bwino kuti chisakhale chophweka kuthyoka, amayang'ana mtundu umene ukuyenda pamwamba pake. Mtundu wonga wa udzu wouma umaoneka pa madigiri pafupifupi 230, ndipo wobiriwira ngati thambo umaoneka pa madigiri pafupifupi 300. Mitundu imeneyi imachokera ku kachikungu kopyapyala kamene kamapangika chitsulo chotentha chikakumana ndi mpweya, ndipo imatsalira ngakhale chitsulo chitazizira. Choncho lingaliro lakuti mtundu wa chinthu ungauze munthu za kutentha ndi lakale pakati pa anthu akumudzi, ndipo mlangizi sangavutike kulifotokoza.

Mbiri ya utoto wa masiku ano inayambira m'manja mwa katswiri wa zomera. M'chaka cha 1888, Friedrich Reinitzer, amene ankagwira ntchito ku Prague, ankafufuza mankhwala a mtundu wa cholesterol. Anaona kuti amodzi mwa mankhwalawo ankasungunuka kawiri: pa madigiri 145.5 ankasanduka madzi a mbuu, ndipo pa madigiri 178.5 madziwo ankayera mbee. Pozizira ankaonetsa mitundu yowala kwa kanthawi. Katswiri wina wa ku Germany, Otto Lehmann, anapitiriza kafukufukuyu, ndipo zinthu za mtundu umenewu zinadzatchedwa liquid crystal. Panapita zaka zambiri zisanapeze ntchito. M'chaka cha 1975 zinatchuka ku America pa mphete zimene ogulitsa ankati zimaonetsa zimene zili mumtima mwa wovala, pamene zoona zake n'zakuti zinkangoonetsa kutentha kwa chala.

Utoto woiwala ndi utoto wokumbukira

Mlangizi ayenera kusiyanitsa magulu awiri a zinthu zimenezi, chifukwa kuwasokoneza n'koopsa.

Gulu loyamba ndi la utoto woiwala. Umenewu umasintha mtundu ukatenthedwa, ndipo ukazizira umabwerera m'mene unalili. Liquid crystal ili m'gulu limeneli. Tizigawo take tating'onoting'ono timandandalikana mopotana ngati chingwe, ndipo kutentha kukasintha, kupotanako kumathina kapena kumasuka, zimene zimasintha mtundu wa kuwala kobwerera ku maso. Kawirikawiri mtundu wofiira umaoneka kukakhala kozizirirapo, ndipo wobiriwira ngati thambo kukatentha. Timapepala toyezera kutentha tomata pa chipumi cha mwana, kapena pa galasi la thanki yowetera nsomba, timagwira ntchito motere. M'gulu lomweli mulinso utoto wotchedwa leuco, umene umasakanizidwa ndi asidi wofooka pamodzi ndi mafuta osungunuka pa muyeso wodziwika. Mafutawo akasungunuka, utoto ndi asidi zimalekana ndipo mtundu umazimirira. Makapu osintha chithunzi akathiridwa tiyi, timasupuni todyetsera ana tochenjeza phala likatentha kwambiri, ndi malaya a Hypercolor amene anatchuka m'chaka cha 1991, zonsezi zimadalira utoto wa leuco.

Utoto woiwala umayankha funso limodzi lokha, lakuti pakali pano patentha bwanji. Bokosi la katemera likhoza kukhala pa dzuwa tsiku lonse Lachiwiri, n'kubwezedwa m'firiji usiku, ndipo Lachitatu m'mawa kapepala koyezera kadzaonetsa kuti zonse zili bwino. Kapepalako sikananame, koma kaiwala za dzulo, pamene katemera sanaiwale.

Gulu lachiwiri ndi la utoto wokumbukira, umene ukasintha subwereranso. Wina umada kamodzi kokha kutentha kukafika pa muyeso umene unaikidwa. Timadontho tomata ta mtundu umenewu timagwiritsidwa ntchito m'mafakitale pofuna kudziwa ngati injini kapena katundu anatenthapo mopitirira. Wina umada pang'onopang'ono, ndipo umafulumira kuda kukatentha kwambiri, kotero kuti umasonkhanitsa pamodzi kutentha ndi nthawi imene chinthu chakhala pamalo otenthapo. Umu ndi m'mene chinthu chamoyo chimafookera, ndipo umenewu ndiwo utoto umene ulimi ukuusowa.

Phunziro lochokera kwa achipatala

Aliyense amene anapitapo ku sikelo ya ana akhoza kukhala kuti anaona kachizindikiro kozungulira pa kabotolo ka katemera, kokhala ndi kabokosi ka ngodya zinayi pakati pake. Kachizindikiroka kamatchedwa VVM. Kanakonzedwa mothandizidwa ndi bungwe la PATH pamodzi ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, ndipo kanayamba kuikidwa pa katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa m'chaka cha 1996. Pambuyo pake kanafalikira ku akatemera ena ogulidwa kudzera ku UNICEF.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Kabokosi ka pakati kakakhala koyererapo kuposa bwalo lozungulira, katemera angagwiritsidwe ntchito, malinga ngati tsiku lake lothera mphamvu silinadutse. Kabokosiko kakafanana mtundu ndi bwalo, kapena kakada kuposa bwalo, kabotoloko n'kotaya. M'kati mwa kabokosiko muli mankhwala amene tizigawo take timalumikizana kukhala timaunyolo titalitali, ndipo maunyolowo akamachuluka, mtundu umanka nuda. Akatemera sapirira kutentha mofanana, choncho zizindikirozi zilipo za mitundu ingapo. Chotchedwa VVM2 chimafika pa malire ake pakatha masiku 2 pa madigiri 37, ndipo ndicho chimaikidwa pa katemera wa poliyo wa m'kamwa, amene sachedwa kuonongeka. Palinso VVM7, VVM14 ndi VVM30, zimene nambala zake zimatchula masiku pa kutentha komweko.

Phindu lake lili pawiri. Choyamba, mwana sabayidwa kapena kumwetsedwa katemera wakufa. Chachiwiri, chimene ambiri sachiganizira, katemera wabwino satayidwa chifukwa cha mantha chabe. Kale, firiji ikazima usiku wonse, wazaumoyo sankadziwa ngati katemera waonongeka, ndipo ankayenera kusankha pakati pa kutaya zonse ndi kugwiritsa ntchito mwachimbulimbuli. Tsopano kabotolo kalikonse kamadzichitira umboni.

Katundu wa ulimi amene akufunika chizindikiro

Woyamba ndi katemera wa chitopa. Katemera wa I-2 anakonzedwa pa yunivesite ya Queensland ku Australia mothandizidwa ndi bungwe la ACIAR, ndipo amapangidwa m'malabotale a boma m'mayiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Nkhuku iliyonse imalandira dontho limodzi m'diso pa miyezi 4 iliyonse. Katemerayu amatamandidwa chifukwa amapirirako kutentha kuposa akatemera ena, koma kutamandidwa kumeneku kwasocheretsa anthu ena, amene amaganiza kuti sangaonongeke konse. Kupirira kuli ndi malire. Kachilombo kamene kali m'kabotolomo ndi kamoyo, ndipo tsiku lililonse la kunja kwa firiji limadyako mphamvu yake. Wotemera wa kumudzi amalandira kabotolo kamene kadutsa m'manja ambiri, m'mafiriji odalira magetsi ozimazima ndi m'magalimoto otentha, ndipo iye alibe njira yodziwira zimene kabotoloko kakumana nazo.

Wachiwiri ndi inokulanti wa soya. M'paketi yake muli mabakiteriya amoyo a mtundu wa Bradyrhizobium, amene amamanga timibulu ku mizu ndi kutenga nayitirojeni mu mpweya kupatsa mbewu. Malo a kafukufuku monga Chitedze ku Malawi ndi Marondera ku Zimbabwe ali ndi mbiri yaitali pa ntchito yopanga inokulanti. Mabakiteriyawa amafa msanga akakhala pa dzuwa kapena pamalo otentha kwambiri. Alangizi amadziwa kale chizindikiro chimodzi cha mtundu: kambulu ka ku mizu kakadulidwa n'kuoneka kofiirira m'kati, ndiye kuti kakugwira ntchito. Koma chizindikiro chimenechi chimaoneka patapita masabata angapo chibzalire, pamene nthawi yokonza cholakwa yadutsa kale. Chizindikiro cha pa paketi chingachenjeze mlimi ndalama isanatuluke m'thumba.

Wachitatu ndi mbewu yobzala, makamaka soya ndi mtedza, zimene sizichedwa kutaya mphamvu yomera. Katswiri wa mbewu wa ku California, J. F. Harrington, anapereka lamulo lothandiza pa nkhaniyi: kutentha kwa malo osungiramo mbewu kukakwera ndi madigiri 5, moyo wa mbewu umafupika ndi theka, ndipo zimateronso chinyezi cha m'mbewu chikakwera ndi 1 peresenti. Malinga ndi lamuloli, thumba losungidwa pa madigiri 35 limakalamba mofulumira kanayi kuposa losungidwa pa madigiri 25. Chiphaso cha pa thumba chimanena m'mene mbewu inamerera tsiku limene inayesedwa, koma sichinena kanthu za miyezi imene thumbalo lakhala pansi pa malata.

Pa mbewu, kutentha ndi mbali imodzi chabe, popeza chinyezi nacho chimapha. Apa pali chida china chofanana nacho, chosintha mtundu ndi chinyezi. Kakhadi kotchedwa DryCard, kamene kanakonzedwa pa yunivesite ya California ku Davis, kali ndi kapepala ka cobalt chloride kamene kamaoneka kobiriwira ngati thambo pouma ndi kofiirira ponyowa. Kakatsekeredwa m'botolo pamodzi ndi chimanga kapena mtedza, kamaonetsa ngati zokololazo zauma mokwanira kuti nkhungu isamere. Izi zikusonyeza kuti chida chowerengedwa ndi maso chingathe kugwira ntchito m'manja mwa mlimi wamba.

Zimene otsutsa anganene

Ena adzati chizindikirochi chikweza mtengo. N'zoona kuti sichaulere, koma mtengo wake ndi masenti ochepa a dola ya America pa kabotolo kamodzi, pamene kabotolo kamodzi ka katemera kamateteza nkhuku zambirimbiri. Nkhuku imodzi yopulumuka ikwanira kulipira zizindikiro zochuluka. Pa mbewu, kumene phindu la wogulitsa pa paketi yaing'ono ndi lochepa, chizindikiro chingaikidwe pa katoni kapena pa belo, kuti wogulitsa ndi woyendera masitolo azichiwerenga.

Ena adzati ogulitsa sangachilandire, chifukwa chidzaulula katundu woonongeka amene akanagulitsidwa mwakachetechete. Mantha amenewa ndiwo umboni wakuti chizindikirocho n'chofunika. Pakali pano katundu akaonongeka, chitayiko chonse chimagwera mlimi, amene ndiye wosauka kwambiri mwa onse okhudzidwa. Chizindikiro chimabweza udindo kwa amene katunduyo anapsa ali m'manja mwake. Wogulitsa wosamala adzapindula, popeza adzakhala ndi chomuchitira umboni pamaso pa ogula.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera, ndipo chimachokera kwa akatswiri anzeru. Iwo amati chizindikiro cha katemera wa anthu sichingangochotsedwa n'kumatidwa pa katemera wa nkhuku kapena pa inokulanti. Akunena zoona. Liwiro limene utoto umadera liyenera kugwirizana ndi liwiro limene chinthu chamoyocho chimafera. Utoto wofulumira kuda udzatayitsa katundu wabwino, ndipo wochedwa kuda udzapereka chitsimikizo chabodza, chimene n'choipa kuposa kusowa chizindikiro. Koma imeneyi ndiyo ntchito ya malo a kafukufuku. Kusunga timabotolo ndi mapaketi pa madigiri 5, 25 ndi 37, n'kumayesa mphamvu yake pa masiku oikika, ndi ntchito imene malabotale a m'chigawo chino angaigawane. Zotsatira zake ndizo zingasonyeze chizindikiro choyenera katundu aliyense.

Pali chifukwa china chochititsa kuti ntchitoyi ichitike mogwirizana pakati pa mayiko. Katundu wa ulimi amaoloka malire tsiku ndi tsiku pa Mchinji ndi Mwami, pa Dedza, pa Mwanza ndi Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Chirundu. Malangizo a pa paketi amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, zinenero zimene alimi ambiri saziwerenga. Kabokosi koyera kapena kakuda kamawerengeka mofanana ku Angonia, ku Katete ndi ku Ntcheu. Mabungwe a SADC ndi COMESA ali kale ndi ndondomeko zogwirizanitsa malamulo a malonda a mbewu, ndipo nkhani ya chizindikiro chimodzi cha kutentha ingathe kukambidwa mwa njira yomweyo. Dziko lililonse likasankha maonekedwe akeake, alimi a m'malire adzasokonezeka. Ndi bwinonso kutsata njira ya achipatala yoyerekeza kuyera ndi kuda, kusiyana ndi kudalira mitundu yofiira ndi yobiriwira, chifukwa pali anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

Malire a chizindikiro

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi sadziwa zonse. Mlangizi amene adzaphunzitse ena za chizindikirochi ayenera kunenanso zimene sichingachite. Sichionetsa ngati katemera anaundana m'firiji, chikhalirecho pali akatemera ena, monga osakanizidwa ndi mafuta, amene amaonongeka akaundana. Sichilowa m'malo mwa tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa paketi. Sichinena kanthu za ukhondo wa kabotolo kotsegulidwa kale, kapena za katemera amene wasungunulidwa ndi madzi, yemwe ayenera kugwiritsidwa ntchito m'nthawi imene opanga analamula. Sichingazindikirenso mbewu yachinyengo yopakidwa utoto. Chizindikiro chimayankha za kutentha kokha.

Zimene alangizi angachite pakali pano

Pamene ofufuza ndi opanga malamulo akulingalira za nkhaniyi, mlangizi sayenera kukhala manja lende. Katemera wa I-2 akatuluka m'firiji azikulungidwa m'kansalu konyowa ndi kuikidwa m'kadengu kolowa mphepo, pamthunzi, ndipo maulendo otemera azichitika m'mamawa kapena madzulo. Inokulanti azigulidwa pafupi ndi tsiku lobzala, azisakanizidwa ndi mbewu pamthunzi, ndipo mbewuyo ibzalidwe tsiku lomwelo. Mbewu yokayikitsa iziyesedwa isanagawidwe, pofesa njere 100 pa thumba lonyowa kapena mu mchenga n'kuwerenga zimene zamera. Kumene timadontho tomata tokumbukira kutentha tingapezeke, tiziikidwa m'makatoni oyenda maulendo ataliatali. Kapepala koyezera ka liquid crystal n'kothandiza m'bokosi lozizira, malinga ngati wochigwiritsa ntchito akukumbukira kuti kamangonena za nthawi imene akukayang'ana.

Utoto womwewu ukhozanso kumupweteka mlangizi pa ntchito ya mu ofesi. Malisiti ambiri a m'masitolo ndi a makina olipirira amasindikizidwa popanda inki, pa pepala lopakidwa utoto wa leuco umene umada ukakhudzidwa ndi kutentha kwa makinawo. Lisiti yotere ikasiyidwa pa dzuwa kapena m'galimoto yotentha imada yonse kapena kufufutika, ndipo umboni wa ndalama za gulu la alimi umatayika. Ndi nzeru kuijambula kapena kulemba nambala zake m'kaundula tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso zolembera za inki yofufutika, monga FriXion ya kampani ya Pilot imene inatuluka ku Ulaya m'chaka cha 2006. Inki yake imazimirira pa madigiri pafupifupi 60, kutentha kumene kumafikika mosavuta pansi pa galasi la kutsogolo kwa galimoto yoimikidwa pa dzuwa. Zolembazo zimatha kuonekanso bukulo likaikidwa m'chipinda choundanitsa cha firiji, koma zotsatira za munda wa chionetsero za chaka chathunthu siziyenera kudalira mwayi wotere. Pensulo ndiyo yoyenera buku la kumunda.

Chachikulu koposa, alangizi ndiwo amaona nkhuku zotemeredwa zikufa ndi soya wothiridwa inokulanti akukula wopanda timibulu. Nkhani zotere zizilembedwa m'malipoti mwatsatanetsatane: tsiku limene katundu analandiridwa, kumene anachokera, nambala ya gulu lake, ndi m'mene anasungidwira. Malipoti otere, akachokera m'mayiko angapo, ndiwo adzapatse ofufuza maziko opemphera opanga katemera ndi inokulanti, pamodzi ndi ogula katundu m'malo mwa boma ndi mabungwe, kuti chizindikiro chokumbukira kutentha chikhale chimodzi mwa zofunika polemba mgwirizano wogulira katundu.